Juzi yachikasu ya a Kamphinda

Ndinawadziwa a Naphiri mu 1993, boma litanditumiza kukaphunzitsa ku Mitundu. Nyumba za aphunzitsi zinali zodzaza, choncho ndinapeza kanyumba ka lendi kuseri kwa msika, mpanda umodzi ndi banja la a Lackson Kamphinda. Akazi awo dzina lawo lobatizidwa nalo linali Felesiya, koma panalibe wowatchula choncho. Tonse tinkangoti a Naphiri.

Anali mayi wamfupi, wosayankhulayankhula. Kwawo kunali ku Nathenje, ndipo ku Mitundu anabwera chitengwa mu 1969. Anabereka ana anayi, koma amene anakula ndi mmodzi yekha, Dorothy, yemwe nthawi imeneyo ankaphunzitsa ku Nathenje komweko. Chimene ndinayamba kuona pa iwo ndi dzanja lamanzere. Zala ziwiri zinali zopindika ngati mbedza, ndipo sizinkawongoka.

Chimene chinkawasangalatsa ndi kuluka. Mvula ikangokata mu Epulo, chimanga chili m'mikukwe, kamphepo kozizira katayamba kutsika kuchokera ku Dzalanyama, a Naphiri ankapita pa kaunjika kukasankha majuzi obooka amene ena awasiya. Ankawachapa, n'kuwamasula, ulusiwo n'kuukulunga timipira. Zingano zolukira analibe. Ankalukira masipoko awiri a njinga amene anawanola pamwala. Ankaluka pang'onopang'ono chifukwa cha zala zija, ndipo ankalukira kuseri kwa khitchini, osati pakhonde.

Khonde linali la a Kamphinda. Bamboyu anali wamtali, wamawu aakulu, ndipo kwa zaka zambiri ndiye ankaima pachipata cha msika kufunsa anthu makadi a chipani. Wopanda khadi ankabwerera ndi dengu lake la tomato, ngakhale atachokera kutali bwanji. Nyengo ya masika, fodya atapita ku okushoni, abambo ankasonkhana pakhonde pawo masana aliwonse kusewera bawo. A Kamphinda sankagonja. Ena ankati ndi katswiri, ena ankanong'ona kuti palibe amene akanalimba mtima kuwadyera nkhomo zonse pakhomo pawo. Ntchito ya a Naphiri inali kukazinga mtedza, kuphika mbatata, kugwada n'kuika mbale pambali pa bawo, kenako kuima chapoteropo kudikira kuti mwina aitanidwanso.

Nkhani ya zala anandiuza okha tsiku lina tikuthothola mtedza kuseri.

"Chinali chaka cha 1978," anatero. "Alendo a bawo anabwera ine ndili kwa mnzanga, akundionetsa kalukidwe ka khosi la juzi. Mtedza unali usanakazingidwe. Alendo atapita anandiitana, amvekere ika dzanja apa. Ndinaika pa bawo. Anatenga mpini."

Ananena zomwezo basi, n'kupitiriza kuthothola.

Chisankho cha 1994 chitadutsa, za makadi zinatha. A Kamphinda anayamba kulowa mumsika ngati munthu wamba, ndipo azimayi amene ankawabweza kale aja ankawafunsa mokuwa ngati abwera nalo khadi lawo. Anzawo a bawo anayamba kuchepa. Pofika masika a 1995 anatsala awiri, kenako khonde linangoti zii. Ukali wonse unatsalira akazi awo. Mpanda wathu unali wa udzu, ndipo ndinkamva zonse: mbale zikuponyedwa, chitseko chikumenyetsedwa, ndi mawu oti "iwe" kuyambira m'mawa.

Mu Novembala chaka chomwecho a Kamphinda anagwa m'munda akubzala chimanga. Anagonekedwa kuchipatala milungu itatu. Atatuluka, mbali yonse ya kumanja inali itafa, mlomo utapotoka, ndipo mawu amene anatsala nawo anali awiri okha: "iwe" ndi "ayi". Namwino wina analangiza a Naphiri kuti aziwakhazika panja, aziwayankhulitsa, ndipo ngati pali masewera amene amawakonda azisewera nawo, kuti mutu ndi dzanja lotsalalo zisagone.

Ndinene chilungamo: a Kamphinda sanagonepo ndi njala, sanagonepo m'zonyansa. A Naphiri ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwadyetsa phala ndi sipuni. Dzinja lonse anachita zimenezo uku akupalira ndi kubandira munda okhaokha. Koma masika a 1996 atafika, ntchito ya kumunda itachepa, m'pamene tinawaona a Naphiri ena.

Tsiku lina nditaweruka kusukulu ndinawapeza atakhala pakhonde, atatambalala, bawo lili pakati pa iwo ndi amuna awo, omwe anali pampando wa ndalema.

"Bwerani, aphunzitsi, mudzaone," anandiitana. "Abambo akundiphunzitsa bawo."

Sankaphunzitsidwa ayi. Zaka zonse zimene ankaima ndi mbale zija anali akuonera, ndipo bawo ankalidziwa kuposa amuna ambiri. A Kamphinda ankatola nkhomo ndi dzanja lamanzere lonjenjemera, zina n'kumagwera pansi. Imene yagwa, a Naphiri ankaitola n'kuiika mbali yawo. Anapambana katatu ine ndili pomwepo. Ulendo wachinayi a Kamphinda anaona mpata weniweni. Maso awo anawala, anayamba kuwerenga maenje ndi chala. A Naphiri anangotambasula dzanja, n'kutapa nkhomo za m'dzenje limene amuna awo ankafuna kuyambira, n'kuzithira kwawo.

"Ayi! Ayi!" anakuwa a Kamphinda.

"Mukuti chiyani, abambo? Nenani bwinobwino, aphunzitsi amve."

"Iwe... iwe..."

"Eya, ndine ndemwe. Ndadyanso."

Ndinaseka. Sindibisa, ndinaseka mpaka misozi, chifukwa ndinkakumbuka zimene ndinkamva kudzera mumpanda muja.

Kuyambira tsikulo khonde linakhala la a Naphiri. Anasamutsirapo zoluka zawo. Akafuna kukulunga ulusi ankaupachika m'manja mwa amuna awo, dzanja lakufalo atalitsamiritsa pa mkono wa mpando, ndipo ulusi ukagwa ankati, "Ntchito yochepa yomweyi ikukanika, abambo?" Wailesi ankaiika pazenera, pomwe a Kamphinda sakanafikira, ndipo ankaikweza ikayamba kuulutsa misonkhano ya boma latsopano. Anayambanso kuitana anzawo kudzasenda mtedza pakhondepo. Mmodzi mwa iwo anali a Rozina, mayi wogulitsa tomato, amene a Kamphinda anawabwezapo pachipata kangapo. Azimayiwo ankakhala ndi malichero awo mozungulira mpando wa ndalema, n'kumakamba za mwini mpandowo ngati palibepo: anamenya uje, analanda nkhuku ya uje, anagwaditsa nkhalamba ina m'matope.

Macheza akafika pokoma, a Naphiri ankakazinga mtedza, n'kuthira mchere monga momwe amuna awo ankaukondera. Aliyense ankatapa. Mbale ya a Kamphinda ankaiika pansi, mbali yakufa ija. Bambowo ankapotokola thupi lonse kuti dzanja lamanzere lifike, koma linkatsala pang'ono.

"Namwino anati azitambasula dzanja," ankatero a Naphiri. "Limbikirani, abambo."

Madzulo, anthu atabalalika, ankawapatsa mtedzawo utazizira.

Kenako inabwera juzi. A Naphiri anazungulira kaunjika milungu itatu kufunafuna majuzi achikasu okhaokha, mtundu wa chipani chimene a Kamphinda ankati akangochimva dzina n'kulavula. Anailuka pamaso pawo, akumawayeza m'mapewa ndi m'manja masiku onse. Ndikukhulupirira kuti a Kamphinda anadziwa kuyambira tsiku loyamba, chifukwa ulusiwo ukawayandikira ankatembenuzira nkhope kukhoma. Juziyo inatha kumayambiriro kwa Juni, chisanu chitagwira kwenikweni. Inali yokongola, yokhuthala, ya khosi lalitali lothina.

Tsiku la msika m'mawa a Naphiri anawaveka, kenako iwo ndi a Rozina ananyamula mpando wa ndalema ndi mwini wake yemwe, n'kukauika kunja kwa mpanda, m'mphepete mwa msewu, poti akaothere dzuwa. Msewu umenewo ndi umene anthu a m'midzi ya kumadzulo ankadutsa ndi ngolo, njinga ndi mitolo ya nkhuni.

Sipanapite nthawi anthu anayamba kuima.

"A Kamphinda! Mwalowa liti?"

"Takulandirani, bwana! Kuno khadi sitifunsa!"

Anjinga ankaliza mabelu. Bambo wina anavula chipewa n'kugwada monyogodola. A Kamphinda anayesa kuvula juziyo ndi dzanja limodzi. Anaikoka mpaka inafika kumutu, koma khosi lija linakanirira pachibwano, nkhope yonse n'kuphimbika. Anakhala choncho, mimba ili pamtunda, akukuwa "ayi, ayi" m'kati mwa ulusi, anthu akugwa ndi phwete. A Naphiri anadikira kaye. Kenako anabwera mwachifatse, anaitsitsa juziyo, anaikonza bwino m'mapewa. Nkhope itaonekera, tinaona kuti akulira, ndipo pansi pa mpando panali patanyowa.

Tsiku limenelo sindinaseke. Komanso sindinanene kanthu kwa a Naphiri. Ndinalowa m'nyumba, ndinalemba kalata kwa Dorothy, n'kupatsira mnzanga amene ankapita ku Nathenje. Ndinkaganiza kuti mwana akabwera adzakhala pansi ndi mayi ake, zinthu n'kuzizira.

Dorothy anabwera Loweruka lotsatira, atapangana kale ndi galimoto ya matola. Anapeza bambo ake pakhonde atavala juzi yomweyo. Anatenga lezala n'kuing'amba kuyambira pakhosi mpaka pansi.

"Amayi, mwasanduka chiyani?" anafunsa. "Munthu wodwala chonchi mukumuonetsa kumsewu ngati nyani?"

"Akuzizidwa. Ndinawalukira juzi."

"Musandipusitse. Ndamva zonse."

A Naphiri anakweza dzanja lamanzere. "Ndipo izi unazimva? Unali pakhomo pano tsiku limenelo, Dorothy. Unali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndiwe unanditungira madzi oviikamo dzanjali."

"Sindikukumbuka zimenezo," anayankha Dorothy, osayang'ana dzanjalo. "Chimene ndikudziwa n'chakuti awa ndi bambo anga, ndipo ndi amene ananditumiza kusukulu."

Pomwe amuna awiri ankawanyamula kupita nawo kugalimoto, a Kamphinda anagwira chitenje cha akazi awo ndi dzanja lamoyo lija, n'kuchikakamira. Ankati, "Iwe, iwe, ayi." Palibe anadziwa ngati akutukwana kapena akukana kupita. Dorothy anamasula zala zawo chimodzichimodzi.

Ku Nathenje Dorothy ankachoka m'mawa kupita kusukulu, n'kubwera masana. Panalibe wowatembenuza bambo ake pamphasa, panalibe wowatulutsa padzuwa. Anatuluka zilonda kumsana, kenako chibayo chinawagwira. Anamwalira mu Ogasiti, ndipo maliro anabwera nawo ku Mitundu.

Atangochoka anthu a pamaliro, a Esau, mphwawo wa malemuwo, anaitana a Naphiri pakhonde. Nkhani ya juzi inali itafika kwa achibale onse.

"Inu munabwera chitengwa," anatero a Esau. "Amene anakutengani wapita, ndipo mmene munamuperekezera tonse tikudziwa. Malo ano ndi a mtundu wathu. Tikupatsani mpaka Lachisanu."

A Naphiri anafunsa za chimanga cha m'nkhokwe, poti anachilima okha amuna awo ali chigonere.

"Chinamera m'munda mwa yani?" anafunsa a Esau.

Dorothy anali pomwepo, atakhala pamphasa. A Naphiri anamuyang'ana. Iye anaweramira pansi n'kumakonza mpango wake.

A Naphiri anachoka Lachinayi ndi mtolo umodzi, ndowa ndi mapoto awiri. Kwawo anapeza minda itagawidwa kalekale kwa ana a ang'ono awo, ndipo anawapatsa kakhitchini kakale kuti azigonamo.

Ndinakawaona patapita zaka ziwiri, ndikudutsa ku Nathenje popita ku Nkhoma. Ndinawapeza pasiteji ya minibasi, ali ndi beseni la mbatata yophika. Anali atachepa thupi, tsitsi litayera. Anandiuza kuti Dorothy amadutsa pomwepo masiku onse popita kusukulu, koma amayenda tsidya lina la msewu. Tinacheza za ku Mitundu, za a Rozina, za nyumba ija imene a Esau anaikamo alendi. Kenako ndinalimba mtima n'kuwauza kuti kalata ija ndinalemba ndine.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "Pamzere wathu uja wolemba kalata anali ndani winanso?"

"Mundikhululukire, mayi. Sindinkadziwa kuti zidzatha chonchi."

A Naphiri anakonza nsalu yovundikira mbatata.

"Nanga inu," ndinafunsa, "mumadandaula ndi zimene zinachitika zija?"

"Ndimadandaula kwambiri, aphunzitsi," anatero. "Abambo aja anali nane zaka zoposa makumi awiri ndi zisanu, ndipo inu munkamva pampanda paja, simunalembere munthu kalata. Ine munandipatsa miyezi iwiri yokha."

Ndinagula mbatata. Anandikulungira zitatu m'pepala, osaika basela. Minibasi ina inaima, ndipo iwo ananyamula beseni lawo n'kuthamangira kumawindo.