Ankhoswe Anga Anaitanira Malonda ndi Chinsinsi Changa

Inu owerenga, cholakwa changa n'chakuti ndinaulula chinsinsi kwa munthu wolakwika, ndipo amene anayenera kuchimva ndinamubisira. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Ndinabwera ku Mangochi pothawa nkhondo ya kwathu ku Mozambiki. Ndinafika ndekhandekha, wopanda mayi, wopanda malume. Ndinkakonza njinga pafupi ndi msika, ndipo kumeneko ndinadziwana ndi Che Saidi, bambo wagolosale amene anali atangobwera kuchokera ku Joni. Ankanditenga ngati mng'ono wawo. Nditapeza mbeta ku Nkope, mtsikana wotchedwa Asiyatu, akwawo anafunsa za nkhoswe wanga. Ndikanamutenga kuti ine? Che Saidi anadziguguda pachifuwa n'kunena kuti aimira mbali yanga, ndipo tsiku la ndowa, ukwati wathu wachisilamu, linakhazikitsidwa.

Ku Joniko anabwerako ndi gemu ya pa TV yoyendera batire ya galimoto. Anaiika m'kachipinda kuseri kwa golosale, anthu n'kumalipira kuti asewere. Abale inu, chinthu chija chinali chokoka mtima! Mumakhala awiri, aliyense atagwira kachipangizo ka mabatani, ndipo pa TV pamaoneka ankhondo awiri atayang'anizana. Ukadina batani ili wako amaponya chibakera, ukadina linalo amamenya theche, ukaphatikiza msangamsanga amalumpha kuposa denga kapena kutulutsa moto m'manja. Magazi ake ankawazika ngati penti, ofiira monyanyira moti anthu ankangoseka. Pamwamba pamakhala kamzere ka moyo wa aliyense, kamene kamafupika akamenyedwa. Kakatha, wogonjayo sagwa ayi. Amaima akudzandira, manja ali lende, kudikira kuti umumalize. Ukadziwa mabatani ake umamuzula mutu, chipinda chonse n'kukuwa.

Zala za wokonza njinga n'zachangu, choncho pasanathe mwezi panalibe wondigonjetsa. Koma pomaliza paja ine ndinkangoika kachipangizo pansi, wogonja uja n'kudzigwera yekha. Oonerera ankadandaula kuti ndikuwamana pokoma. Tsiku lina masana tili awiriwiri, Che Saidi anandifunsa chifukwa chake. Mumtima ndinati awa ndi ankhoswe anga, ndiwabisirenji? Ndinawauza kuti kwathu asilikali a m'tchire anandigwira kuti ndiziwanyamulira katundu. Tsiku lina anandipatsa chikwanje n'kundiimika pamaso pa bambo wina amene anali atamenyedwa kale, ataima chimodzimodzi, manja ali lende. Asilikaliwo anati ndikakana kumumaliza, wofa ndikhala ineyo. Ndinachita. Ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale Asiyatu amene. Che Saidi anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mng'ono wanga, zimenezi zathera pompano."

Loweruka lotsatira ndinapeza kachipinda kaja kadzaza, ena akusuzumira pawindo. Ine ndinkangoti malonda ayenda. Nditangokhala pansi ndinamva Che Saidi akukuwa pakhomo: "Lowani, lowani! Dzapikisaneni ndi munthu amene anaphadi mnzake kunkhondo! Lero amaliza!" Wina kumbuyo kwanga anandifunsa akuseka ngati magazi enieni amatulukadi choncho. Ndinaimirira n'kutuluka. Nditawafunsa Che Saidi pambuyo pake, anandiyankha m'maso muli gwa kuti ankangokometsa malonda, ndisakhale wamtima wapachala. Ha! Munthu woti akandiimire pamaso pa apongozi!

Kunyanja kuno nkhani sichedwa, imakwera matola limodzi ndi nsomba. Pofika Lolemba inali ku Nkope, itakulanso. Ankati ndinapha mudzi wonse ndipo ndimadzitama nazo pa gemu. Amjomba ake a Asiyatu, malume amene ndiwo eni mbumba, anandiitanitsa. Sanakalipe. Anangondibwezera nsalu ndi mpango zimene ndinapereka pa chitomero, n'kunena kuti mwana wa mlongo wawo sangagone nyumba imodzi ndi munthu woseweretsa magazi. Pa nkhani zoterezi amayankha ndi nkhoswe, koma anga anali m'tauni akuitanira makasitomala. Ndinakhala pamkeka ndekha.

Pobwerera, Asiyatu ananditsatira mpaka kumsewu. Ndinkayembekezera kuti andinyoza. Iye anati, "Zoti anachita kukukakamizani ndikanazimvetsa, ndipo ndikanalimbana nawo amjomba. Koma ndazimvera kwa amayi ogulitsa usipa. Abale anga atandifunsa, ndinalumbira kuti n'zabodza chifukwa inu simundibisira kanthu. Mwandisandutsa chitsiru." Chaka chomwecho anakwatiwa ndi msodzi wa komweko, ndipo nyumba imene ndinali nditayamba kumanga kuchikamwini anaifolera ndi msodziyo.

Inu owerenga, gemu ija sindiiimba mlandu, ndi zithunzi chabe. Che Saidi ndiye sindinawakhululukire, ndipo sindinamizira kuti ndinatero. Paja amati bwenzi lako ndi la wina, makamaka ngati pakamwa pake ndi pomwe amaitanira malonda. Ngati muli ndi chilonda chimene mukubisa, yambani mwauza amene mukufuna kukhala naye moyo wonse, achimve kuchokera pakamwa panu, ngakhale mawu akunjenjemera. Ine ndinkaopa kuti ndikamuuza Asiyatu andisiya, koma anandisiya chifukwa choti sindinamuuze.