Tinakapepesa Maliro a Mlongo wa Mayi Fumiko

Chilimwe chimene ndinakwanitsa zaka khumi, kolido ya pansanjika yathu ku North York, mumzinda wa Toronto, inkanunkha kapeti wakale ndi anyezi wokazinga. Kunkatentha moti mafani ankangotembenuza mpweya womwewo. Sukulu inali itatsekera, bambo ankayendetsa thiraki kutali, ndipo mayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Ine ndinali mwana wosakhazikika, wongokwera ndi kutsika m'chikepe mpaka woyang'anira nyumba anandidziwa dzina. Choncho mayi anapangana ndi Mayi Fumiko, a khomo loyang'anizana ndi lathu, kuti masana ndizikhala kwawo.

Mayi Fumiko anali mayi wamasiye wa ku Japan, wamfupi, wa imvi mutu wonse, wosalankhulalankhula. Ankavala malaya a manja aatali ngakhale kutenthe chotani. M'nyumba mwawo munkamveka kafungo ka tiyi wobiriwira, ndipo ankandipatsa nkhaka zothira mchere n'kundisiya ndikuthirira tomato wawo wa m'zitini pakhonde. Ndinkawakonda zedi, chifukwa anali munthu wamkulu yekhayo amene sankandiuza kuti ndikhale pansi.

Kumayambiriro kwa Ogasiti anayamba kuika tambula ya madzi pawindo m'mawa uliwonse. Tsiku lina ndinalowa ndili wefuwefu ndi ludzu, n'kugugudiza madzi onsewo. Sanandikalipire. Anangondigwira pamkono, n'kundikhazika pampando, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula nane kwa nthawi yaitali, m'Chingelezi chawo chapang'onopang'ono.

Anati anabadwira ku Hiroshima, ndipo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri m'mawa umene ndege inaponya bomba la atomiki pamzindawo. Iwo anali m'nyumba, koma mlongo wawo wamng'ono, kamnyamata, ankasewera panja. Anamupeza atapsa thupi lonse. Tsiku lonse mwanayo ankalirira madzi, koma akuluakulu ankati munthu wopsa akamwa madzi amafa, ndiye iwo anamvera, osamupatsa. Pofika madzulo anamwalirabe. Asilikali ananyamula mtembo wake pamodzi ndi mitembo ina yambiri n'kukaitentha, ndipo palibe anadziwa kumene phulusa lake linapita. Kenaka Mayi Fumiko anapinda dzanja la malaya, ndinaona khungu lonyezimira lokhwinyata kuyambira pachigongono. Anati atsikana a mumzindawo anthu ankaopa kuwakwatira poganiza kuti ali ndi matenda m'magazi, choncho iwo anauza mwamuna wawo kuti kwawo ndi kwina, ndipo mwamunayo anamwalira asakudziwa.

"Madziwa ndi ake," anatero. "Usauze munthu, Zainabu. Ngakhale mwana wanga sadziwa."

Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Ndege zinkadutsa pamwamba pathu popita kubwalo la ndege, ndipo iliyonse ndinkaiyang'ana mpaka itazimirira, ndikudikira kung'anima. Ndikayang'ana nyumba zosanja zotizungulira ndinkaganiza za ana amene ali panja nthawi imeneyo. Choipitsitsa chinali chakuti ndinamwa madzi a mwana wakufa ndi ludzu. Ndinkawamva m'mimba ngati mwala. Ndinasiya kumwa madzi, ndipo patatha masiku atatu mayi anaona milomo yanga itang'ambika. Anandipanikiza ndi mafunso m'khitchini, ine n'kuulula zonse ndikulira.

Mayi anga anali mmodzi mwa azimayi osambitsa maliro kumzikiti kwathu, ntchito imene anaiphunzira kwa azakhali awo ku Nkhotakota. Za bomba sanafunse ngakhale pang'ono. Anafunsa kuti mwanayo anamusambitsa ndani, anamukulunga m'sanda kapena ayi, ndipo ndani anapita kukakhala ndi anamfedwa. Nditayankha kuti palibe, anagwira pakamwa. Ndinawachonderera kuti nkhaniyi ndi yachinsinsi, koma anandiyang'ana ngati ndalankhula zopanda mutu.

"Zai, kwathu maliro sitibisa. Munthu zaka zonsezi osapepesedwa, ife tili pakhomo pomwepa?"

Anaimbira foni Anti Tisa, mnzawo wa ku Chipata amene anali namwino, n'kuwauza kuti asinthe shifiti ya Loweruka.

Loweruka masana awiriwo anamanga zitenje ndi mipango, ananyamula poto wa mpunga wa nkhuku ndi paketi ya shuga, ine ndikutsatira pambuyo. Amene anatsegula chitseko anali mwana wa Mayi Fumiko, bambo wamagalasi amene ankabwera kamodzi pamwezi kuchokera ku Oakville. Ndinakoka chitenje cha mayi, koma anali atavula kale nsapato. Anasiya mipando, n'kukhala pansi ndi Anti Tisa, miyendo atatambasula, mitu atawerama, monga amachitira pasiwa. Patapita kanthawi mayi ananena m'Chingelezi kuti tabwera kudzapepesa za mlongo wawo amene anafa ndi bomba ku Hiroshima.

Bamboyo anamwetulira mwaulemu. "Pepani, mwina mwasokoneza khomo. Mayi anga analibe mlongo." Kenaka anatembenukira kwa mayi ake, ndipo kumwetulirako kunatha.

Mayi Fumiko anandiyang'ana kamodzi kokha. Mayi anga anazindikira pomwepo chimene chachitika, koma pamaliro munthu sangofika n'kudzuka, ndiye anakhalabe. Tinakhala pafupifupi ola lathunthu, fani ikulira, potoyo akuzizira patebulo. Mayi Fumiko anapita kukhitchini, anaphika tiyi, n'kupatsa aliyense ndi manja awiri, ngakhale ine. Ndinkalakalaka akanangondimenya. Mwana wawo anaimirira pawindo nthawi yonseyo, akuyang'ana mkono wa mayi ake.

Lolemba ndinagogoda ndipo sanatsegule, ngakhale ndinkamva wailesi mkati. Masabata otsalawo ndinkakhala kwa Anti Tisa, kumene ndinkangozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Poto wathu tinam'peza pakhomo atatsukidwa bwinobwino. Mayi sananenepo kuti analakwitsa, koma anasiya kuimba akamaphika, ndipo tikamadutsa pakhomo lija ankachepetsa mawu. Ine ndinawakwiyira iwo, ndinadzikwiyira ndekha, ndinakwiyira ngakhale ndege.

Sukulu itatsegulira tinamva kuti Mayi Fumiko akusamukira kwa mwana wawo. Tsiku losamukalo ndinakumana ndi bamboyo m'chikepe atanyamula katoni ya mbale. Tinatsika nsanjika zingapo. Kenaka anaika katoniyo pansi, n'kunjuta kuti nkhope yake ilingane ndi yanga. Anati mayi ake anavomera zonse ndi mutu wokha, ndipo kuyambira tsiku lija akana kuonjezerapo liwu.

"Amalume angawo, anakuuza dzina lawo?"

Ndinafufuza m'mutu mwanga, ndinabwereza mawu onse a tsiku lija, koma dzinalo munalibe. Mayi Fumiko ankangoti mlongo wanga. Ndinapukusa mutu. Anandithokoza, ananyamula katoni yake, ndipo chitseko chitatseguka anatuluka. Mayi Fumiko sindinawaonenso.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti anachoka chifukwa chodana nane, ndipo kuti bomba ndi chinthu chimene chimagwa m'mawa umodzi n'kutha. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndinayamba kuthandiza mayi kusambitsa maliro. Ndimamvetsa chimene chinawatulutsa m'nyumba ndi poto uja, ndimamvetsanso chifukwa chake munthu angasankhe kamwana ka anthu achilendo kuti akauze zimene sangauze mwana wake womubereka. Ngati tinawachitira zabwino kapena zoipa, mpaka pano sindidziwa. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi bambo uja, munthu wamkulu wa nyumba yake ndi ntchito yake, atanjuta m'chikepe ku Toronto, akupempha kwa mwana wa zaka khumi dzina la amalume ake, ine ndilibe choti ndim'patse.