Nsungwi Ziwiri za Yankho

Kalata yochokera ku Kepitawuni itangofika, ndinadziwa kuti ndipita. Ndinali nditatha zaka zisanu ndikujambula mafupa othyoka pachipatala china ku Lilongwe. Ku Kepitawuniko ankafuna munthu woyendetsa makina aakulu ojambula ubongo wa mwana akadali m'mimba. Nditapita ku Mitundu kukatsanzika, amayi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wosabadwa, iwe ukamuone m'mutu? Si malodza amenewo?"

"Ayi amayi, ndi ntchito."

Ntchitoyo inkafuna kuleza mtima. Mayi woyembekezera ukhoza kumuuza kuti asagwedezeke, koma mwana amatembenuka mmene wafunira, chithunzi n'kuwonongeka. Akadekha, kompyuta inkationetsa timitsempha toyera tolumikiza mbali za ubongo, tooneka ngati ndevu za chimanga, tikumera sabata ndi sabata. Ine ndinkadziwa kudikira, moti zithunzi zovuta madokotala ankasiyira ine. Malipiro anali abwino, nyumba ya amayi ndinaifolera ndi malata. Koma Lamlungu ndinkakhala ndekha m'chipinda, kubwereza mauthenga a mawu ochokera kwathu, pena kungofuna kumva mbuzi zikulira chapatali.

Chaka chachitatu, mng'ono wanga Tiyamike, amene anakwatiwa ku Nathenje, ananditumizira pafoni chithunzi cha sikani. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

"Achemwali, akuti m'mutu mwa mwana madzi achuluka. Inu mumazidziwa izi. Mundiuze zoona."

Ndinaonetsa dokotala wathu wamkulu. Anati mwina timitsempha tina sitinamere bwino. Mwanayo adzachedwa kukhala pansi, ndipo zoyenda sitingalonjeze. Makina amene akanatiuza zambiri ndinkawagwira tsiku ndi tsiku, koma Tiyamike anali kutali. Ndinamuuza zonse osabisa, ndinamuumirizanso kuti akachirire kuchipatala chachikulu. Anandimvera. Kunabadwa mtsikana, anamutcha Yankho.

Ndinabwerera kwathu Yankho ali ndi zaka zitatu. M'minibasi yopita ku Nathenje mtima unali m'mwamba, chifukwa pazithunzi zonse zimene ankanditumizira mwanayo ankakhala ali kumsana. Ndinkaganiza kuti ndikapeza banja lotopa, lodikira ine.

Tiyamike ananditengera kuseri kwa nyumba ndisanakhale n'komwe. Mwamuna wake anali atakhoma mitengo pansi n'kumangapo nsungwi ziwiri zoyandikana, zofika m'chiuno mwa mwana. Pakati pake panaima Yankho, mwendo umodzi ukukokera m'kati, manja atagwira nsungwizo mwamphamvu. Kutsogolo kwake kunanjuta mayi wina wovala mpango, mwini golosale wa pamsewu, akumuitana ndi bisiketi. Ndinawerenga mapazi asanu ndi limodzi, kenako misozi inandilepheretsa kuona.

"Mlamu," anatero mwamuna wa Tiyamike, "paja munanena pafoni kuti timitsempha timeneti timalimba mwana akamatigwiritsa ntchito. Ndiye sitinamusiye kuti azingogona."

Njira zolimbitsira mwanayo Tiyamike anaziphunzira kuchipatala, iye n'kuphunzitsa anzake oyandikana nawo. Anagawana masiku: a golosale Lolemba, amayi busa Lachiwiri, ena masiku ena, mmawa uliwonse asanapite kumunda. Palibe anandiuzapo, poti kwa iwo sinali nkhani.

Ndinafunsa chimene ine ndingachite. Tiyamike anayang'ana nsapato zanga za m'tawuni n'kuseka.

"Lachinayi lilibe munthu, achemwali. Mubwere ndi chitenje, pansi apa pali fumbi."