Tinamuona wosaonekayo

Mdzukulu wanga wamkazi ankati akaweruka ku ntchito ku nyumba ya okalamba ku Wakefield, kuno kwa azungu, ulendo ku gulu la zisudzo, osadya, osakhala pansi. Chaka chimenecho ankakonza sewero la ku Japan wakalekale. M'sewerolo, katswiri wa zisudzo waphedwa ndi poizoni kuseri kwa katani, ndiye mkazi wake akuyenda pakati pa anzake a malemuyo, kufunsa mmodzimmodzi kuti apeze wakupha. Gawo la mayi wamasiyeyo anapatsa mdzukulu wangayo.

Akanamuphunzitsa ndani, kupanda ine amene ndinaika mwamuna? Ndinamuuza kuti wamasiye safunsa mokuwa ayi. Amakhala pansi, mwakachetechete, n'kumayang'ana manja a munthu, osati pakamwa. Iye ankandiyankha m'Chingerezi, koma thupi lake linkamva bwinobwino.

Kutatsala pang'ono kuti sewerolo lionetsedwe, mayi wotsogolera gululo, Mmalawi mnzathu wamadigiri ake, anamulanda gawolo n'kupatsa mwana wa mchemwali wake. Wangayu anamuveka zakuda mpaka kumaso kuti azisuntha mipando. Akuti ku Japan wovala zakuda pasiteji saoneka, oonerera amangochita ngati palibe munthu.

Mwana analirira kubafa, atatsegula madzi kuti ndisamve. Ndinamva. Mtima wanga unawira, unawira, osaphwa.

Ndinaimbira foni amayi a mvano, a ku Rotherham, a ku Liverpool. Ndinati bwerani, mundithandize kuona mwana amene akuti saoneka.

Tsikulo holo inadzaza, azungu ali zii ngati m'tchalitchi. Wamasiye wobwerekayo analowa, nkhope ili mbuu ndi paudala, ife tinangomuyang'ana ngati khoma. Kenako kamthunzi kakuda, mdzukulu wanga uja, kanalowa monyang'ama kudzachotsa mpando. Ndinaimirira ine, ndi bondo langa lowawa lomweli, n'kuponya nthungululu, amayi onse n'kulandira. Akalowa kudzatenga lupanga, nthungululu. Akalowa kudzatenga kapu ya poizoni, nthungululu, kanyimbo pamwamba.

Pa nthawi yopuma mayi wotsogolera uja anabwera.

"Agogo, chonde, ameneyo sakuyenera kuoneka."

"Pepani mayi, maso angawa ndi a ku Dedza, za ku Japan sanaphunzire. Mwana wanga akadutsa, amamuona."

Anabwerera kuseri kwa katani, ife n'kupitiriza. Wamasiye wake anayamba kuiwala mawu, anzake n'kumamunong'oneza. Amene anapha munthu uja sindikumudziwa mpaka lero.

Pomaliza osewera anafola kudzawerama, ovala zakuda atasiyidwa kuseri. Ife sitinaleke kuimba. Azungu nawo anayamba kuomba m'manja, kuloza katani, kuloza katani, mpaka mayi uja anakamukoka yekha mwanayo padzanja. Tinamuyalira zitenje pamasitepe. Anavula nsalu kumaso, anatsika akuseka ndi misozi, akundiloza chala kuti agogo inu, agogo inu.

Gululo silinamuitanenso, iye anakapeza lina ku Leeds. Ine ndinavina kuchokera pakhomo pa holo mpaka pokwerera basi, mvula ikundinyowetsa duku.