Nyumba yopopa ya makoma atatu

Gowelo lathu linagwa ndi mvula ya kumapeto kwa dzinja, chaka chomwe ndinasiya sikola. Linagwa ine ndili kumunda, choncho silinaphe munthu. Ngakhale likanapha, likanapha mmodzi yekha, chifukwa pa anyamata onse amene tinkagonamo ndinali nditatsala ndekha. Wina anakwatira ku Lifidzi, wina anapita ku Tete kukasaka ntchito, wina anangosowa, akuti ali ku Joni. Gowelo salimanga molimba. Aliyense wogonamo ndi wapaulendo.

Za sikola musandifunse zambiri. Ndinatopa kupalasa njinga mpaka ku Ulongwe kukamva aphunzitsi, apulofesoli amenewo, akuwerenga zolakwa zanga pamaso pa ana ang'onoang'ono kwa ine. Ndinasiya. Palibe anandithamangitsa, palibenso anabwera kudzandibweza.

M'nyumba ya amayi sindikanalowa. Mnyamata womera ndevu sagona denga limodzi ndi amake, makamaka m'nyumbamo mukakhala mwamuna wina. Bambo anga anamwalira ndili mwana. Amene analipo anali abambo ondipeza, munthu wosalankhulalankhula, wosandida komanso wosandifuna. Ndinayamba kugona m'kuzinya mophikira, pakati pa mafuwa ndi nkhuku.

Ndinapita kwa amalume, mlongo wawo wa amayi, amene amayang'anira mbumba yathu yonse. Ndinawapeza akusema mpini.

"Amalume, ndikufuna kuumba njerwa. Ndimange kanyumba pomwe panali gowelo."

Sanakweze n'komwe mutu. "Njerwa pamudzi pa amako? Pamalopo adzamanga mwamuna wa mlongo wako. Iwe peza mkazi ukamange kwawo, monga amachitira amuna anzako. Kapena ukakwatira udzazisenza njerwazo pamutu?"

"Mkazi wake uti, wofuna munthu wonunkha nkhuku?"

"Uzisamba," anatero, n'kupitiriza kusema.

Nditakolola nyemba ndinapita nazo kumsika wa ku Ulongwe. Nditagulitsa ndinalowa mzere wa kalamidade, komwe amagulitsa zovala ndi katundu wakale wochokera kunja, kufuna chovala cha chisanu. Kumapeto kwa mzere kunali bambo wina wogulitsa zosakanikirana, nsapato, zikwama, mabulangete. Anakhalira chikwama chachitali ngati thumba la makala.

"Achimwene, muli chiyani m'menemo?" ndinafunsa.

"Nyumba."

"Musandiseweretse."

"Nyumba yopopa. Ilibe mitengo, ilibe misomali. Mumangopopa ngati mpira, yadzuka. Malo akakutopetsani mwaphwetsa, mwamanga panjinga, mwapita. Azungu amagonamo kutchire, safa."

"Yabooka pati?"

"Ikanabooka ndikanakuuzani."

"Inuyo?"

Anaseka, n'kundionetsa chithunzi chosokedwa pachikwamapo. Panali tenda yotuwa yokhala ndi mawindo, itaima pafupi ndi galimoto yoyera, mwamuna ndi mkazi atakhala pamipando akumwa. Galimotoyo ndinaiona bwinobwino. Ndinaganiza kuti anaijambulapo kuti chithunzi chikongole, monga amajambulira mkazi papepala la sopo. Ndinapempha kuti tiifunyulule. Iye anati chinthuchi ukachitulutsa sichibwereranso m'chikwama, ndipo pamsika palibe malo.

Chimene chinandigwira ndi mawu aja oti mwamanga panjinga, mwapita. Amalume ankafuna munthu wosakhalitsa. Ndinati ndiwapatse nyumba yosakhalitsa, aone ngati apezanso choyankhula. Ndalama yonse ya nyemba inathera pamenepo, ndipo chovala cha chisanu sindinagule.

M'mawa mwake ndinaiyala pabwinja la gowelo. M'chikwamamo munalibe chopopera. Bomba ya njinga inali ndi mlomo waung'ono, choncho ndinalumikiza ndi kachidutswa ka paipi n'kukulunga mphira. Ndinapopa mpaka mapewa anasiya kukhala anga. Amayi ochokera kumjigo anaima ndi ndowa pamutu, amuna opita kumunda anatsamira makasu. Chinthucho chinayamba kudzuka mbali imodzi ngati ng'ombe yodwala, kenako chinaima chonse. Mizati yake inali ya mpweya, yonenepa ngati ntchafu, yopindika pamwamba. Kutsogolo chitseko cha zipi, m'mbali mawindo a pulasitiki. Anthu anakhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko ndinakumva kukoma.

Ndiye msuweni wanga, mwana wamkazi wa amalume, amene kuyambira tili ana timanyozana ngati banja, anazungulira kumbuyo ndowa ili pamutu. Anakuwa kuseka mpaka madzi anakhavukira m'khosi mwake.

"Amuna anga! Nyumba yanu yavala malaya, kabudula yaiwala!"

Onse anathamangira kumbuyoko. Ndinapita nanenso. Kunalibe khoma. Kunali chibowo chachikulu choti ng'ombe n'kulowa osawerama, pamwamba pake pakulendewera nsalu yaitali yokhala ndi zingwe. Ndinayang'ananso chithunzi chija, ndipo ndinaona ntchito ya galimoto. Khoma lachinayi linali galimotoyo. Sindinagule nyumba, ndinagula khonde la galimoto ya munthu wina.

Tsiku la msika ndinabwerera ku Ulongwe. Bambo uja anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Za kalamidade sizibwerera, achimwene."

"Ndiye ndichite nayo chiyani?"

"Gulani galimoto."

Ndinaganiza zomumenya, koma anali wamkulu thupi ndipo ine ndinali ndi njala.

Khoma lililonse lingagwire ntchito, ndinatero. Ndinakokera chinthucho kuseri kwa nyumba ya amayi, ndinamanga zingwe ku mitengo ya denga, nsalu ija ndinaitsindira pakhoma ndi miyala. Inakwana bwino. Munali mofunda, mosanunkha nkhuku. Koma kuseri kwa khomalo kunali kuchipinda kwa amayi ndi amuna awo. Ndinkamva mphasa ikaphwanyika, iwonso ankandimva ndikatembenuka. Abambo ondipeza anasiya ngakhale kutsokomola momasuka, n'kuyamba kulawirira kumunda tambala asanatsike. Amayi ankasesa pabwalo osandiyang'ana.

Sabata isanathe amalume anabwera. Anazungulira, anagwira chingwe chimodzi n'kuchilondola ndi dzanja mpaka pomwe ndinachimanga.

"Mtengo uwu ndi wa denga la yani?"

"La amayi."

"Ndiye ukugona m'nyumba ya amako."

"Ndili panja, amalume. Onani, khomo langa lili uku."

"Khonde ndi nyumba yomweyo. Anthu akuyankhula kale. Masula."

Amayi anali chapomwepo, atagwira lichero. Ndinawayang'ana kuti mwina anena kanthu. Anapeta chimanga chopetapeta kale.

Ndinayenda mudzi wonse ndi maso. Nkhokwe ndi yozungulira ndiponso yaifupi. Khola ndi la mbuzi. Makoma ena onse owongoka anali ndi banja kuseri kwake, ndipo palibe mwamuna angalole mnyamata wosakwatira kugona khutu lili pakhoma la mkazi wake. Ndinaphwetsa, ndinamanga panjinga monga ananenera wogulitsa uja, ndinatsetsereka kupita kudimba lathu, kumtsinje, komwe ndinabzala kachewere.

Kumeneko khoma ndinamanga ndekha. Ndinazika mitengo, ndinaluka mapesi mothinana, ndinakutira ndi masaka akale, n'kumangirirapo zingwe za tenda. Silinali khoma lokongola. Mphepo inkapeza njira m'makona, koma linaima.

Chisanu cha kumtsinje n'china. M'mawa woyamba ndinadzuka denga lili pankhope panga, lonyowa, lozizira ngati chikopa cha chule. Mizati inali itafooka. Ndinatukwana wogulitsa uja ndi makolo ake, ndinatenga madzi a sopo kufuna pobooka, sindinapeze. Dzuwa litakwera nyumba inadzuka yokha. Zinanditengera nthawi kumvetsa kuti mpweya umanyala ndi kuzizira, n'kufufuma ndi dzuwa. Ndikapopa m'mawa, masana mizati inkauma gwa ngati ng'oma, n'kumalira m'misoko, ndiye ndinkasiya khasu kuthamangira kukachepetsa mpweya isanaphulike. Madzulo kupopanso. Anzanga a msinkhu wanga ankasamala akazi ndi makanda. Ine ndinkasamala mpweya.

Kudimba kulibe alendo. Anthu odutsa m'njira ya kutsidya ankaloza, ena ankakuwa moni osaima. Lamulungu mphepo ikachokera ku Fonte Boa ndinkamva belu la kutchalitchi, n'kudziwa kuti sabata yatha. Ndinayamba kuyankhula ndi tenda. Sindinkanena zanzeru ayi. Ndinkangoti dzuka iwe, kapena wayambanso. Msuweni wanga anabwera kamodzi kudzatenga masamba, anandinyoza pang'ono, koma kunyozako kunalibe mchere. Anali atapeza mwamuna weniweni wodzamanga pamudzi.

Amayi ankabwera ndi chakudya nthawi zina. Ankaima panja. Ndikatsegula zipi kuti alowe, ankakhala pamzere wa kachewere.

"Simulowa mphepo?"

"Ayi."

"Wawonda."

"Ndinawonda kale, amayi."

Ankadikira ndimalize kuti atenge mbale, n'kukwera mtunda osacheuka. Sindikudziwa ngati ankaopa kulira kapena ankangofulumira kukaphikira amuna awo. Sindinafunse.

M'chilimwe kachewere atakhwima, ogula a ku Tete anayamba kufika ndi magalimoto. Tsiku lina masana galimoto yotsekedwa kumbuyo, yachitseko cha m'mbali, inatsika kanjira ka ngolo mpaka pafupi ndi dimba langa. Anatuluka bambo wa imvi zoyamba, wamimba pang'ono. Sanayang'ane kachewere. Anapita ku tenda, anazungulira, anafika pakhoma langa la mapesi, n'kuima.

"Mphwanga, mwaitenga kuti iyi?"

"Ku kalamidade. Ngati mukufuna kuseka sekani msanga, ndili ndi ntchito."

"Ndinkaziona izi ndili ku Joni. Mundilole ndiyese?"

Ndinamasula zingwe. Tinaikokera poyera, iye anabweza galimoto pang'onopang'ono mpaka inafika pachibowo chija. Anaponya zingwe pamwamba pa galimoto, anakazikhomera pansi mbali inayo, anakoka. Nsalu imene kwa miyezi yonseyo inkangokupiza inawongoka, n'kugwira denga la galimoto popanda mpata. Analowa, anatsegula chitseko cha m'mbali, ndipo chinatsegukira m'kati mwa tenda. Mphepo inatha. Ndinali ndisanaionepo nyumba yanga itaima momwe anaipangira.

Anatulutsa kambaula ndi wailesi. Anaphika tiyi. Tinakhala m'katimo, iye pakhomo la galimoto, ine pandowa yovundikira. Anali munthu woyamba kulowamo kupatula ine. Anandifotokozera kuti podikira alimi akumbe amagona pampando wa galimoto maondo ali pachibwano, ndipo msana wayamba kumukana. Ine ndinamuuza za mpweya, kuti asamapope kwambiri m'mawa, ndiponso kuti kotentha ngati ku Tete azichepetsa dzuwa lisanafike pamutu. Anamvetsera. Sindikumbuka wina amene anandimvetserapo motero.

"Mundigulitse," anatero.

Ndinayang'ana kumwamba kudzera pawindo la pulasitiki. Mitambo inali itayamba kusonkhana kumapiri. Ndinkadziwa kuti mvula ikabwera idzatsikira pansalu ija n'kuthirira m'mapesi, kenako pamphasa panga. Ndinkadziwanso kuti ndikagulitsa, ndibwerera kwa nkhuku. Ndinatchula mtengo wamwano kuti akane, nkhani ithe. Sanakane.

Anatsegula potulukira mpweya. Nyumba inapuma kamodzi mwamphamvu, n'kugwada, n'kugona. Anaipinda mwaluso, inalowa yonse m'chikwama chake, chimene ine chinandikanika kuyambira tsiku loyamba. Anagulanso kachewere. Tikukweza matumba ndinkayembekeza kuti mwina ati kwerani, tikagulitsire limodzi. Sananene. Inenso sindinapemphe. Anandigwira chanza, analiza galimoto, fumbi linatsala likutsika pamasamba.

Pamalopo panatsala udzu wachikasu wopondedwa, ndi khoma la mapesi litaima lokha pakati pa dimba, losatchinga kanthu. Ndinakhala pansi n'kulitsamira. Kumudzi sindinakwere.

M'mawa ndinakadula mitengo ya bulugamu. Ndinagula misomali, pepala lakuda la padenga, ndi chitseko chakale kwa kalipentala wina. Pakhoma lija ndinalumikiza makoma ena atatu, ndinaphoma dothi la kumtsinje m'kati ndi kunja. Sindinapemphe munthu.

Ndili pamwamba kufolera udzu, amalume anadutsa kuchokera kudimba lawo. Anaima m'munsi, khasu paphewa.

"Ichi n'chiyani?"

"Msasa wolonderamo."

"Msasa wachitseko?"

"Akuba achuluka, amalume."

Anayang'ana nthawi yaitali, makoma, chitseko, ine. Ndinagwira mtolo wa udzu kudikira mawu oti phwasula.

"Msasa wa kumunda si nyumba," anatero potsiriza. "Koma udzuwo wayala mopyapyala mbali ya kumapiri. Mvula ya kuno imachokera uko."

Anapitirira. Ndinawonjezera udzu.

Mvula yoyamba inagwa masana, yamphamvu, yamatalala. Ndinakhala m'kati chitseko chili chotseka, ndikumvetsera. Pakona imodzi panayamba kudontha. Ndinakokera mphasa mbali ina.