Kumene Ndinawagoneka Amalume

Ndikukumbukira mwezi wa Juni wina ku Mzimba Boma, ndili Fomu 3, kukuzizira kwakuti m'mawa tinkangosamba kumaso n'kunama kuti tasamba thupi lonse. Mphepo inkatsika kuchokera ku mapiri a Viphya n'kulowa pansi pa malata ngati ikufuna munthu amene anaithawa. Amayi anali namwino. Boma linawatumiza kumeneko kuchokera kwathu ku Dedza ine ndili wamng'ono, ndipo tinkakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa chipatala. Nthawi imeneyo dzina langa linali litaipa kale. Ndine amene ndinaika bilimankhwe m'chikwama cha aphunzitsi a masamu. Ndinenso amene ndinasakaniza nsapato za amayi a kumpingo atazivula pakhomo pathu pobwera kudzapemphera, mpaka wina anabwerera kwawo atavala zakumanzere zokhazokha.

Chaka chimenecho achimwene anga a Limbani, amene ankaphunzitsa kupulayimale, anafuna kukwatira Tiwonge, mtsikana wa ku Manyamula amene ankagulitsa m'sitolo ya nsalu pa Boma. Ine Tiwonge ndinkamukonda. Ankandiluka tsitsi osakoka, ndipo za bilimankhwe zija anaseka mpaka misozi, pamene ena onse ankandinyoza. Koma ku Mzimba mkazi amalowoledwa ndi ng'ombe, ndipo woyenera kutsogolera nkhani kumbali yathu anali amalume, achimwene awo a amayi, mkulu wa mpingo wopuma pantchito amene ankakhala ku Lilongwe. Iwo anali atanena kale pa foni, mokweza kwakuti ndinamva ndili panja, kuti kwathu sitigula munthu ngati njinga, ndipo akubwera kudzawauza anthuwo zimenezo pamaso. Tonse tinadziwa kuti mawu amenewo akakalankhulidwa pabwalo la eni mwana, ukwati watha. A Limbani anasiya kudya.

Amalume anati afika kudakali masiku kuti alione kaye dzikolo. Kwathu malo kunalibe, ndipo amayi anali pa ntchito yosalola kuchoka, choncho anandituma ine kuti ndikafune pogona. Anandiuza atandigwira khutu. Malowo akhale pafupi ndi depoti, chifukwa amalume sakwera kabaza, amati mnyamata wopalasa akhoza kuwagwetsa dala. Akhale pafupi ndi msika. Pasakhale phokoso kapena mowa. Ndipo pakhale pophikira, popeza amalume anali ndi matenda a shuga ndipo ankadziphikira okha, osakhulupirira dzanja la munthu aliyense kuyambira pamene mayi a kunyumba kwawo anamwalira.

Musaganize kuti sindinafune. Ndinayenda tauni yonse Loweruka limenelo, milomo itang'ambika ndi mphepo. Resitihausi yoyamba inali pakhomo penipeni pa depoti, koma khoma lake linali limodzi ndi la bala, ndipo ngakhale masana bedi linkanjenjemera ndi nyimbo. M'khonde munkanunkha masese ndi sopo wotchipa. Ina inali yokongola, ya maluwa ndi kapinga wometa bwino, koma inali kutali kunja kwa tauni, ndipo mnyamata wa pageti atamva za kuphika anandiyang'ana ngati ndapempha kulowetsa mbuzi m'chipinda. Ina inali moyang'anana ndi chigayo. Ndinaima pamenepo kanthawi ndikuganiza amalume akuwerenga Baibulo ufa ukuwagwera m'mutu, ndipo ndivomere kuti mtima unafuna.

Kenaka ndinakumbukira a NyaShaba. Anali mayi wamasiye, wamtali, wa mawu okhuthala, amene anali ndi nyumba kuseri kwa msika. Kumbuyo kwa nyumbayo anamangako tizipinda tochititsa lendi kwa anamwino ophunzira ndi kwa ogula matabwa a ku Luwawa. Chipinda chilichonse chinali ndi kakhitchini kake, shelefu ya mbale ndi mbaula. Ukaima pageti umaona mabasi akulowa m'depoti, koma phokoso silinkafika chifukwa cha mpanda wa njerwa ndi mitengo ya mapeyala. Mowa sunkaloledwa. Chilichonse chimene amalume anafuna chinalipo, ndipo mpaka lero ndimaimirira pa mfundo imeneyi. Chimene sanafunse n'chakuti mwini malowo ndani. A NyaShaba anali alongo awo a bambo a Tiwonge, amene kumeneko amawatchula kuti ankhazi, ndipo Tiwonge ankakhala m'nyumba mwawo asanatsogole kumudzi kukadikira alendo.

Sindinganame kuti ndinali ndi nzeru zopulumutsa ukwati. Ndinangofuna kuona chimene chichitike. Kwa a NyaShaba ndinati ndi mlendo wochokera ku Lilongwe. Kwa amayi ndinati ndapeza malo abwino kuseri kwa msika, ndipo iwo, atatopa ndi odwala, sanafunse zambiri.

Amalume anatsika basi atavala jekete yopyapyala ya ku Lilongwe, atanyamula chikwama ndi kathumba ka mgaiwa, mapoto awiri akulira m'kati. Anayendera chipindacho ngati wapolisi. Anagogoda bedi, anatsegula mpopi, ananunkhiza pilo, kenaka anati, “Koma mwana iwe, nthawi zina mutu wako umagwira.” Aka kanali koyamba kundiyamikira chibadwire.

M'mawa mwake ndinapita ndi masamba a mpiru amene amayi ananditumiza, ndipo ndinawapeza atakhala pakhonde, atafunda bulangete lofiira la a NyaShaba, mapazi ali pafupi ndi mbaula ya a NyaShaba, m'manja muli kapu ya tiyi wopanda shuga wa a NyaShaba. Kuzizira kunali kutawagonjetsa tsiku loyamba lomwelo. Makala awo anakana kuyaka, zala zitauma, ndipo mayiwo anangobwera ndi moto pa chibenthu cha lata. Munthu amene sankadya za mwini anali akusenda mbatata yootcha, nthunzi ikutuluka m'kamwa, akufotokoza chimene anabwerera.

Ine ndinakhala pa njerwa n'kuyamba kusadzula masamba pang'onopang'ono kuti asathe msanga. Amalume anafotokoza zonse. Anati anthu a kuno ndi aulemu koma ali ndi mwambo wogulitsa ana. Anati akonza mawu oti akanene, ndipo anaimirira ndi bulangete lija n'kuwayeserera, dzanja lili m'mwamba ngati ali pa guwa. A NyaShaba ankasankha nyemba m'lichero, akungothokoza m'Chitumbuka kuti, “Yewo, adada. Mbwenu pitirizani.” Atamva dzina la mudzi, dzanja lawo linaima pang'ono. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana mpiru. Nditadzutsa maso ndinaona kuti akuluma mlomo kuti asaseke, ndipo ndinadziwa kuti ndapeza mnzanga.

A NyaShaba anafunsa amalume modekha ngati anafufuza za ankhazi a mtsikanayo, poti kuno amenewo ndi ovuta chomene. Amalume anagwedeza dzanja. Anati mlongo wa bambo alibe mawu pa mwana, mwini mbumba ndi malume, ndipo ngati mayi ameneyo alipo adzangomupatsa moni n'kumudutsa. Apo ndinathamangira kuchimbudzi, chifukwa chifuwa chikanaphulika.

Masiku otsatirawo ndinkapeza chifukwa chopitirako pochokera kusukulu. Malowo anawakomeradi amalume. Ankapita okha kumsika kukagula tomato ndi usipa, n'kubwerako akudandaula kuti amayi ogulitsa akuwayankha m'Chitumbuka, koma ataphunzira kale kunena kuti yewo. Masana ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, fungo la matabwa a paini likuchokera pa mulu umene alendi ena anaunjika pampanda, akukangana ndi a NyaShaba za ng'ombe. Tsiku lina ndinamva mayiwo akuwauza kuti ng'ombe zimene zinaperekedwa pa iwo sizinadyedwe, zinakhala m'khola mpaka mlongo wawo wamng'ono atakula, n'kukamutengera mkazi. Anati ana a mlongo wawoyo akadwala, woyamba kudzutsidwa ndi iwo. Amalume anati nkhaniyo ndi yabwino koma siikusintha kanthu, kenaka analandira mbatata ina.

A Limbani anafika Lachisanu kuchokera kusukulu kumene ankaphunzitsa. Nditawalondolera pageti ya a NyaShaba, anaima ngati awombedwa ndi mphenzi. Anandigwira pamkono n'kunong'ona kuti, “Tadala, wandipha.” Ndinawauza kuti malowo ali pafupi ndi depoti. Analowa, ndipo a NyaShaba anawapatsa moni ngati sanawaonepo chibadwire.

Loweruka m'mawa tinabwereka galimoto ya bokosi. Tikukweza katundu, a NyaShaba anatuluka atavala chitenje chatsopano ndi duku, n'kunena kuti nawonso ali ndi kaulendo ka ku Manyamula. Amalume anakondwa kwambiri. Anawapatsa mpando wakutsogolo, iwo n'kukwera kumbuyo ndi ife, pafumbi ndi pamphepo, atafunda bulangete lofiira lija. Amayi, amene anali atazindikira tsopano, anandiyang'ana njira yonse ndi diso limene ndinkalidziwa bwino. Tinadutsa minda ya chimanga chouma ndi anyamata okankha njinga zodzaza makala, galimoto ikudumpha m'mabampu. Pa Manyamula a NyaShaba sanatsike. Pa mphambano sanatsike. Amalume anati mwina akupita kumudzi woyandikana nawo.

Titaima pa mudzi wa kwa a Tiwonge, ana anathamangira galimoto akukuwa kuti ankhazi afika. Bambo a Tiwonge, munthu wa imvi zake, anabwera kudzawatsegulira chitseko n'kuwalandira chikwama ndi manja awiri. Ndinayang'ana amalume. Anali ataima m'bokosi muja, fumbi lili m'nsidze, kukamwa kuli yasa, bulangete la eni ake lili paphewa. Analivula pang'onopang'ono n'kulipinda bwinobwino ngati nsalu ya paguwa.

Ana sitinkaloledwa pabwalo la nkhani, koma ndinapeza pobisala kuseri kwa nkhokwe. Amuna anakhala pamipando, amayi pamphasa, ndipo mawu ankadutsa mwa thenga, munthu wapakati amene amanyamula nkhani kuchokera mbali ina kupita ina. Itafika nthawi ya amalume, anaimirira, anakonza jekete, anatsegula pakamwa. Mawu aja ndinkawadziwa pamtima, ndipo a NyaShaba, amene anakhala pamphasa patsogolo pawo, ankawadziwanso. Anakhosomola. Kenaka anati kumene achokera mwambo ndi wina, koma abwera kudzaphunzira.

A NyaShaba sanadikire thenga. Anati, m'Chichewa chawo chokoka, “Mwana uyu ndi wa ng'ombe zanga, ndiye ndiyankhepo. Adada awa ndawasunga ine. Pakamwa ndi paukali, koma mbale amatsuka okha, ndipo mpando wakutsogolo anandisiyira. Vuto lawo ndi mphepo basi. Musawalemetse.” Bwalo lonse linaseka, ndipo amalume, atazengereza pang'ono, anaseka nawo. Nkhani ya ng'ombe inakambidwa mwamtendere, zina anati zidzabwera m'tsogolo ana akadzabadwa. Chindongwa, thobwa la kumeneko, chitabwera, amalume anamwa pang'ono ngakhale shuga ankawaletsa.

Chilango sichinalephere. Amayi anandilanda ulendo wa sukulu wokaona damu la ku Luwawa, ndipo ndinachapa mayunifolomu awo mpaka tchuthi. Amalume sanandilankhule mpaka tsiku la ukwati, pamene anandiitana pambali n'kundifunsa ngati ndinkadziwa. Ndinawafunsa ngati panali phokoso, ngati msika unali kutali, ngati mbaula panalibe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati ndidzafera kundende.

Kundende sindinapite. Lero ndimagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo akandituma ku Mzuzu kapena ku Blantyre ndimasankha pogona pa foni ndili pabedi. Imandionetsa zithunzi za khitchini, mapu, mtunda wokafika kudepoti, ngakhale madandaulo a anthu amene anagonapo. Ukafika, kiyi umapatsidwa ndi mlonda, mwini nyumba osamuona n'komwe, ndipo ukazizidwa palibe amene amabwera ndi moto pa chibenthu cha lata. Tizipinda ta a NyaShaba tilipobe, anaikamo matailosi ndi mbaula zamagetsi, ndipo mwana woyamba wa a Limbani ndi amene amayankha mafoni a alendo pa tchuthi. Amalume, mpaka pamene miyendo inawakanika, ankapita ku Mzimba chaka ndi chaka kukaona adzukulu. A Limbani anali atamanga nyumba yaikulu ya chipinda cha alendo, koma amalume ankakana kugonamo. Ankati n'kutali ndi depoti.