Fungo la Makina a Dona

Jeremiya Nyakuipa anaphunzira za makina m'sitima za pamadzi zimene zinkayenda pakati pa Chinde ndi Chiromo. Analowamo ali woponya nkhuni m'ng'anjo, koma anatulukamo ali katswiri womasula injini ndi kuimanganso. Njanji itafika sitima za pamadzi zinachepa, ndipo iye analembedwa ntchito pakampani ina yogula thonje ku Chiromo. Ankayang'anira injini yopereka magetsi kumakina ochotsa njere m'thonje ndi kunyumba ya bwana wa kampaniyo.

Mkazi wake Jesinta, wa kwa Ndamera, ankasesa m'nyumba ya bwanayo. Anali ndi mwana mmodzi, Rosa. M'chaka cha 1926 dona, mkazi wa bwanayo, anabwera ndi makina oyamwa fumbi kuchokera kwawo, olemera ngati thole, olira ngati njuchi zolusa. Jesinta ndiye ankawakoka pamakapeti masana aliwonse, dona akapita kukhonde kukadya.

Tsiku lina m'mwezi wa Novembala makinawo anayamba kununkha ngati nsalu yopserera yosakaniza ndi phula. Jesinta anawazimitsa n'kukanena. Dona anati wawamwetsa madzi, namuchotsa ntchito pamaso pa khukhi ndi wochapa.

"Sindinathiremo madzi ine, bambo a Rosa," anatero Jesinta mwamuna wake ataweruka.

"Makina sawonongeka okha," anayankha Jeremiya. "Mwandichititsa manyazi. Manja anuwo ngoyenera khasu basi."

Kutacha Jesinta anabereka Rosa n'kukwera bwato la asodzi lotsikira kwawo. Jeremiya sanamuperekeze kudooko. Ankati mtima ukatsika abwera yekha.

Bwana anamupatsa makinawo kuti awaone. Atawatsegula sanapezemo dzimbiri kapena chizindikiro chilichonse cha madzi. Anachotsa fumbi la thonje limene linaunjikana m'kati, nayatsa. Fungo silinathe. Anaona kuti timakala tiwiri topereka moto kumota tinali titadyeka ndipo tinkathetheka. Anasema tina, natiikamo. M'mawa makina analira bwinobwino. Masana ananunkhanso, otentha osagwirika.

Zimenezi zinamuzunguza mutu masabata atatu. Tsiku lina ali kukhitchini dzuwa lili paliwombo, anamva makina a thonje akuima kuti antchito akapume. Nthawi yomweyo nyale ya magetsi imene khukhi anaiwala kuzimitsa inawala kwambiri ngati iphulike. Jeremiya anathamangira ku injini yake. Inali kuthamanga mopitirira, chifukwa kachitsulo koiletsa liwiro kanali katatha. Iye anakaona kalekale kuti katha, koma ankangoti akonza mawa. Masana aliwonse, pa ola lomwe Jesinta ankasesa, moto wochuluka unkathamangira kunyumba n'kumawotcha mawaya a m'makina a dona.

Anakhala pansi pafupi ndi injiniyo, manja ali kunkhongo, mpaka belu lobwerera kuntchito linalira.

Anakonza zonse tsiku lomwelo, koma ulendo wolondola Jesinta sunatheke msanga. Mvula inali itayamba, Ruo ndi Shire zitasefukira, njanji itamira. Madzi ataphwa anagula nsalu yachitenje kwa mmwenye, nakwera sitima mpaka ku Port Herald, kenako wapansi. Njira yonse ankakonza mawu opepesera.

Pakhomo anapeza apongozi ake, mayi Anna, akupeta mapira, Rosa ali pambali pawo mutu uli mpala. Ataona mutu wa mwanayo, anazindikira kuti pakhomopo panagwa maliro.

"Khalani pansi, akamwini," anatero mayi Anna. "Jesinta tinamuika Lachiwiri lapitali. Kamwazi. Madzi aja ataipitsa zitsime, matendawa anatenga anthu asanu ndi mmodzi m'mudzi muno. Uthenga tinalibe wokaupereka."

Jeremiya anayang'ana nsalu ili m'manja mwake.

"Ananenapo kanthu za ine?"

"Nkhabe, palibe. Anangofunsa kawiri ngati kwabwera munthu wa ku Chiromo kudzanena kuti makina aja anachira."

Analira ngati mwana, pabwalo pomwepo, anthu akuona.

Atabwerera ku Chiromo anapita kwa dona n'kufotokoza kuti wolakwa anali iye ndi injini yake, osati mkazi wake. Dona anamvetsera akusoka, kenako anati, "Chabwino. Umuuze abwere Lolemba." Jeremiya anavula chipewa, natuluka, ndipo mwezi utatha anasiya ntchito.

Anakakhala kwa Ndamera, pakati pa abale a mkazi wake, ngakhale ena a iwo anatha zaka osamupatsa moni. Sanakwatirenso. Anthu ankamubweretsera njinga ndi makina osokera, iye n'kumakonza pansi pa mtengo wa msawu, osalankhula zambiri. Rosa anamva nkhani yonseyi ali kale mayi wa ana awiri, bambo ake atadwala, ndipo anaimva m'kamwa mwa eni akewo.